Mkango wa pa foni ndi mkango wa ku Luangwa

Pali mkango umodzi umene umazungulira kwambiri m'mafoni athu, kuyambira mu Lusaka mpaka ku Chipata ndi ku Kopala. Uli ndi manyenje akuda, nkhope ya zipsera, maso oyang'ana kutali, ndipo nthawi zonse uli wokha. Pansi pake pamakhala mawu a Cizungu ouza mnyamata kuti asakhulupirire munthu, adule anzake, aleke kuyankha mafoni a acibale, ayende yekha cifukwa ati mfumu siyenda m'cigulu. Mudzaupeza pa status ya WhatsApp ya uja amene wangosiyidwa ndi cibwenzi, pa TikTok ya ogulitsa maphunziro a forex, kumbuyo kwa minibasi, pa khoma la pometera tsitsi. Mkango umenewu kuthengo kulibe. Anaupanga ndi anthu amene sanakhalepo ola limodzi akuyang'ana mikango yeniyeni. Comvetsa cisoni n'cakuti ife, amene dziko lathu lili ndi mikango yamoyo ku Luangwa, ku Kafue, ku Lower Zambezi ndi ku Liuwa, tikuuzidwa za nyamayi ndi anthu amene anaionera mu filimu cabe.

Ambiri a ife mkango tinauonera pa K5 ya pepala ija inatuluka mu 2013, kapena pa ulendo wa sukulu ku Munda Wanga ku Chilanga, ukuyenda uku ndi uku kuseri kwa waya. Lusaka National Park ili pafupi, koma mulibe mikango. Conco cithunzi ca pa foni cikabwera ndi mawu ake, palibe coticititsa kukayikira. Komatu mkango ndi imodzi mwa nyama zimene zafufuzidwa kwambiri pa dziko lonse. George Schaller anayamba kuitsatira ku Serengeti, ku Tanzania, mu 1966. Craig Packer ndi Anne Pusey anapitiriza nchitoyo kucokera mu 1978. Kuno kwathu a Zambian Carnivore Programme akhala akutsatira magulu a ku Luangwa, Kafue ndi Liuwa kwa zaka zambiri, mkango uliwonse akuuzindikira ndi timadontho ta pamlomo pomera ndevu, tomwe sitifanana, monga zidindo za zala zathu. Zimene apeza n'zimene gaidi aliyense wa ku Mfuwe angakuuzeni mutamufunsa: pa nyama zonse za mtundu wa mphaka, mkango ndiwo wokha umene umakhala m'mabanja aakulu okhazikika. Wokonda kuyenda yekha ndi kambuku. Anzathu a forex ngati akufuna nyama yoimira ciphunzitso cawo, asinthe cithunzi.

Munthu akamawoloka koyamba mlatho wa ku Mfuwe kulowa mu South Luangwa ca m'ma 6 koloko m'mawa, amayembekezera fumbi ndi magazi. Cimene amapeza kawirikawiri ndi mulu wa matupi ofiirira pansi pa mvunguti kapena pa mcenga wa m'mbali mwa mtsinje, miyendo m'mwamba, nchenche zikuzungulira. Mkango umatha kupuma maola 20 pa tsiku. Alendo ena amajambula kawiri n'kuuza dalaivala kuti tiyeni tikafune kambuku, ndipo amenewo amabwerera kwawo atangoona ubweya. Mukakhala pamenepo mphindi 40, injini itazimitsidwa, mumayamba kuona kuti muluwo uli ndi dongosolo. Mthunzi ulipo wokwanira, malo alipo ambiri, koma imagona mogundana, wina mutu pa msana wa unzake, wina mcira pa nkhope ya wina. Umodzi ukadzuka n'kupatuka pang'ono, pobwerera sungodzigwetsa pansi. Umayamba wasisita mutu wake pa tsaya la uliwonse umene waudutsa, ngati munthu wolowa pa bwalo amene sangakhale pansi asanapereke moni kwa onse. Kenako kumabwera kunyambitana, makamaka pakhosi ndi kumbuyo kwa makutu, malo amene lilime la mwini wake silifika.

Manje funso limene ma status aja safunsa: gululi ndi la ndani? Yang'anani bwino muluwo. Yambiri ndi yaikazi ndi ana, ndipo yaikaziyo ndi pacibale: mayi, ana ake aakazi, obadwa nawo mimba imodzi, nthawi zina ndi agogo omwe. Inabadwira m'dera lomwelo ndipo yambiri idzafera momwemo. Deralo, ndi madambo ake, pomwera madzi ndi njira za njati, limacoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, m'badwo ndi m'badwo. Amene kwathu ndi kum'mawa, kwa Acewa, Ansenga kapena Akunda, sitifunika buku kuti timvetse zimenezi. Imeneyi ndi mbumba. Ndipo wamanyenje uja, amene dziko lonse limamucha mfumu ya m'thengo, ndi mkamwini. Anabwera kucokera kwina, anapeza mudzi ulipo kale, ndipo tsiku lina adzacoka n'kuusiya ulipo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mbumba imakhala ndi malume woiyang'anira, pamene kwa mikango ana aamuna onse amacoka, zonse n'kutsala kwa akazi okhaokha.

Pakati pa akaziwo palibenso mfumukazi. Kwa afisi kuli mkazi wamkulu amene ana ake amadya poyamba. Kwa mimbulu nthawi zambiri amabereka ndi mkazi mmodzi, ena onse n'kumalera. Kwa mikango mkazi aliyense wamkulu amabereka ake, ndipo palibe wolamula anzake. Sikuti amakhala pamodzi tsiku lililonse ayi. Amagawikana, awiri kuno, atatu uko, wina yekha masiku angapo, n'kukumananso, monga banja limene wina ali ku Matero, wina ku Chawama, koma onse akudziwa kumene kuli kunyumba.

Mimba imatenga masiku pafupifupi 110. Nthawi ikakwana mayi amapatuka n'kukaberekera pa citsamba cowirira, ana awiri, atatu, mwina anayi, ndipo amawabisa kwa milungu pafupifupi 6, akuwanyamula ndi pakamwa kuwasintha malo kuti afisi ndi akambuku asawanunkhize. Akawabweretsa ku gulu amawasakaniza ndi ana a abale ake amene anabereka nthawi yofanana. Kamwana kamayamwa kwa mayi ake, koma kakaona mayi wina wagona tulo kamakaba bere komweko. Amayiwo sakondwera nazo nthawi zonse, amakalipa, amakankha, koma salekana. Cimene cimawasunga pamodzi cidzaoneka tikakamba za amuna.

Mwana wamwamuna akafika zaka 2 mpaka 4, manyenje atangoyamba kumera ngati ndevu za mnyamata wa Grade 10, nthawi yake pamudzi yatha. Amacotsedwa ndi atate ake kapena ndi amuna atsopano amene alanda gulu. Apa ndiye pamayambira moyo uja umatamandidwa pa foni, ndipo ndi moyo wa njala. Alibe dera. Kulikonse kumene wapita ndi kwa eni ake, moti olo kubangula sabangula, kuopa kumvedwa. Amadya zotsala, amagona ndi zilonda, ndipo ambiri amafa asanakhale ndi gulu. Opulumuka kawirikawiri ndi amene anacoka ndi abale awo, awiri, atatu, anayi, ndipo mgwirizano umenewo ndi wa moyo wonse. Nanga amene analibe m'bale wamwamuna wa msinkhu wake? Amafunafuna mnzake m'thengo momwemo. Ofufuza a ku Serengeti atapima magazi anapeza kuti magulu aakulu a amuna amakhala a pacibale, koma aang'ono, a awiri kapena atatu, nthawi zambiri mumakhala amene sanabadwire pamodzi n'komwe. Mkango waumuna umalolera kugawana nyama ndi akazi ndi mlendo kusiyana n'kuyenda wokha.

Olo atalanda gulu, ufumuwo ndi waufupi kuposa wa khansala. Ku Serengeti ambiri amakhala zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo amene amakhalitsa ndi amene ali ambiri. Nchito yawo ndi ya mlonda: kuyenda m'malire usiku, kukodzera zitsamba, kubangula, kumenyana ndi amuna ena. Kubangulako kumamveka mpaka makilomita 8 usiku kukakhala bata. Manyenje akuda aja, zoona akazi amawakonda ndipo amuna ena amawaopa; ofufuza anatsimikiza zimenezi poika zidole zazikulu za mikango m'thengo, zina za manyenje akuda, zina oyera, n'kuona zimene mikango yeniyeni icite. Koma manyenje ndi jekete la ubweya, ndipo mu October ku cigwa ca Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Waumuna ukafika zaka 12 kuthengo ndiye kuti wakalamba kwambiri, pamene yaikazi imatha kufika 15 kapena 16. Mukadzaona wamanyenje uli wokha, nthiti zikuwerengeka, mano atatha, musathamangire kulemba mawu anzeru pansi pa cithunzico. Funsani gaidi kuti mnzake anafa liti.

Pali cinanso cimene sicilembedwa pa status. Amuna atsopano akalanda gulu amapha ana oyamwa amene awapeza. Mayi amene ali ndi ana satenganso mimba mpaka anawo atafika caka ndi theka kapena kupitirira, ndipo mwamuna amene ali ndi zaka ziwiri cabe pampando sangadikire. Ana akafa, mayi amakhala wokonzeka pakangopita masiku kapena milungu. Ici ndiye cifukwa ca kulera pamodzi kuja. Mkazi mmodzi wa makilogramu 130 sangaime pamaso pa mwamuna wa makilogramu 190. Atatu kapena anayi amatha, ndipo amaimadi, ena mpaka kufera pomwepo. Ena amathawa ndi ana okulirapo n'kukakhala kumalire kwa miyezi.

Tikambe poyera apa, sitikunena kuti mkango ndi mphunzitsi wa makhalidwe. Nyama imene imapha ana a inzake, imene imathamangitsa pa cakudya mkazi amene wacigwira n'kusiyira ana mafupa, si yotengerapo citsanzo ca banja. Njala ikabwera oyamba kufa ndi ana, cifukwa pa nyama yakufa palibe ulemu, pali zikhadabo. Amene angatenge nkhani ino n'kuyamba kulalikira kuti tikhale ngati mikango yaikazi adzakhala akucita zomwezo za a forex. Mfundo yathu ndi yaing'ono: munthu akafuna kutigulitsa nzeru m'dzina la mkango, ayambe wanena zoona za mkangowo.

Za kusaka tidutse mwacangu, cifukwa ndi zimene ma TV amaonetsa kale. South Luangwa ndi imodzi mwa mapaki amene amalola kuyenda usiku ndi nyali, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene mulu uja umadzuka, kuyasamula, kupatsana moni, n'kuyamba kuyenda mondondozana. Kusaka kwambiri kumathera pacabe. Schaller anawerenga kuti gulu limagwira nyama ka 30 pa maulendo 100, pamene wosaka wokha safika n'ka 20 komwe. Zakuti yaimuna sisaka n'zokokomeza. Pa njati, imene ku Luangwa ndi cakudya cacikulu ca mikango, mphamvu yake imafunika. Ndipo zija amati mfumu sidya zotsala, mwandi! Mkango umayang'ana kumene miimba ikutera n'kupita komweko. Umadya mvuu yofa yokha imene fungo lake limakuthamangitsani muli mu motoka. Ku Ngorongoro, Hans Kruuk anapeza kuti mikango ndiyo inali kulanda nyama za afisi kuposa mmene afisi anali kulandira za mikango.

Cimene cimaimangirira pamodzi kwenikweni ndi malo. Kafukufuku wa zaka zambiri ku Serengeti anaonetsa kuti magulu aakulu ndi amene amagwira madera abwino, makamaka pamene mitsinje imakumana, pomwe pali madzi, mthunzi ndi pobisalira. Ang'onoang'ono amakankhidwira kouma. Amene anaonapo Luangwa mu September, nyama zonse zitaunjikana ku mtsinje ndi ku madambo otsala ndi madzi, amvetsa kuti dera la m'mbali mwa mtsinje lili ngati sitandi ya pa khomo la msika. Suigwira wekha.

Mu 1994 Karen McComb ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyesa kwina kumene tonse tiyenera kukudziwa. Anabisa sipika m'thengo n'kuliza kubangula kwa mkango waukazi wacilendo, nthawi zina umodzi, nthawi zina itatu pamodzi. Yaikazi ya pamalopo inali kumvetsera, kuyang'anana, n'kusankha cocita. Ikakhala yoculuka kuposa mawu amene yamva, inali kunyamuka kupita kukakumana nawo. Ikakhala yocepa inali kuzengereza, kapena kuyamba kubangula kuitana inzake imene ili kutali. Mikango imawerenga. Kulimba mtima kwake kumadalira kuti kumbuyo kuli ingati.

Caka cotsatira Robert Heinsohn ndi Packer anaonjezapo cina cosekesa. Pa kuyesa komweko, panali yaikazi ina imene nthawi zonse inali kutsogola, ndi ina imene nthawi zonse inali kutsalira kumbuyo, kufika zinthu zitaoneka kale kuti zili bwanji. Yotsogolayo inali kudziwa, inali kuima n'kuceukira kumbuyo, koma sinali kulanga yaulesiyo kapena kuithamangitsa. Banja lililonse lili naye msuweni wotere, amene pa maliro amafika nkhuni zitawazidwa kale, nsima ikupakulidwa. Mkango wa pa foni ukanati mduleni. Mikango yeniyeni imamusunga, mwina cifukwa pa tsiku lowerengana ndi adani nayenso amawerengedwa.

Dziko lathu lili ndi mikango iwiri imene inachuka kunja cifukwa ca kukhala yokha, ndipo nkhani zake zonse si zokhumbirika. Mu 1991 mkango waumuna wopanda manyenje unapha anthu osacepera 6 m'midzi ya ku Mfuwe. Nkhani imati unalowa m'nyumba ya mmodzi wa amene unawapha n'kutuluka ndi thumba la zovala pakamwa, ndipo ambiri anati iyi si nyama wamba. Unaomberedwa ndi Wayne Hosek wa ku America, ndipo lero uli mu Field Museum ku Chicago. Asayansi atapima cigaza cake anapeza kuti nsagwada inali yovulala kwambiri. Mkango wovulala, wopanda unzake wougwirira njati, umafunafuna nyama yosathamanga, ndipo amene analipira ndi anthu a m'midzi.

Waciwiri ndi Lady Liuwa. Liuwa Plain, ku Kalabo kumadzulo, inasakazidwa ndi opha nyama m'zaka za nkhondo ya ku Angola, ndipo pamene a African Parks anayamba kuyang'anira pakiyo mu 2003, mogwirizana ndi boma ndi Barotse Royal Establishment, munatsala mkango umodzi, waukazi. Cakudya cinalipo, nyumbu ndi mbidzi, ndipo kusaka anali kudziwa bwino. Tikatsatira nzeru ya pa foni, ameneyu anali pabwino: dera lonse lake, wopikisana naye palibe. Koma zimene anacita n'zakuti anayamba kutsatira anthu. Anali kulondola motoka ya wojambula mafilimu Herbert Brauer, kugubuduka pafupi naye, kugona m'mbali mwa kampu usiku. Kwa zaka anabangula popanda woyankha. Mu 2009 anamubweretsera amuna awiri kucokera ku Kafue, koma iye sanabereke, ndipo mmodzi wa amunawo anadzaphedwa atawolokera ku Angola. Mu 2011 anabweretsa tiakazi tiwiri, kamodzi kanafa pa msampha, kena, Sepo, kanagwirizana ndi Lady. Sepo atabereka, Lady Liuwa analera anawo ngati agogo, ndipo anafa mu August 2017 ali ndi zaka pafupifupi 17, ali ndi banja. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ku Liuwa olo kanyamako kanakana kukhala kokha.

Wina anganene kuti ndi cithunzi cabe, bwanji kucitenga ngati nkhani yaikulu. Koma ganizani amene amacitumiza ndi nthawi imene amacitumizira. Ndi mnyamata amene wamaliza koleji zaka zitatu zapitazo nchito osaipeza, amene ngongole ya pa foni yamupanikiza, amene akucita manyazi kuonekera kunyumba. Pa nthawi imene akufunika munthu womufunsa kuti wadya kodi, akuuzidwa kuti kusowa anzake ndi cizindikiro ca ufumu. Pamene tonse tikudziwa mmene anthu amapulumukira mu tauni muno: kacipinda kogawana atatu ku komboni, cilimba ca pa msika, msuweni amene wamva kuti pena pake akufuna munthu wa ganyu, mnzako wa ku sukulu amene wakutumizira ya basi. Olo uja amene amagulitsa ciphunzitso ca kuyenda wekha sadya yekha. Ali ndi gulu la WhatsApp la anthu mazana amene amamulipira mwezi ndi mwezi. Zoona pali anzathu oyenera kuwasiya, ndipo pali acibale amene amakama munthu mpaka kuuma. Mkango wacinyamata nawo umacoka pamudzi. Koma umacoka ndi m'bale, ndipo ukasowa m'bale nchito yake yoyamba imakhala kupeza mnzake.

Kusamvetsa kumeneku kumavulazanso mikango. Kuzungulira South Luangwa kuli madera ochedwa Game Management Area, monga Lupande, kumene alenje olipira ndalama zambiri amaloledwa kusaka ndi cilolezo. Cimene amafuna ndi wamanyenje. Munthu woganiza kuti mkango ndi nyama yoyenda yokha amati wafa umodzi, yatsala ina. Koma ngati wafayo anali mmodzi wa amuna awiri olondera gulu, wotsalayo sangagwire dera, amuna ena amalowa, ndipo ana oyamwa amatsatira atate awo. Cipolopolo cimodzi cimatha kupha mikango 6 kapena kupitirira, ina isanaone n'komwe mlenjeyo. Mu January 2013, Sylvia Masebo ali nduna ya zokopa alendo, boma linaimitsa kusaka mikango, ndipo kunayambanso mu 2016. Zaka zitatu zimenezo zinapatsa ofufuza mwayi woona kusintha. Kafukufuku amene anatsogolera Thandiwe Mweetwa, mwana wa ku Mfuwe komweko, amene anafalitsidwa mu 2018, anaonetsa kuti amuna ambiri anayamba kupulumuka, ana ambiri anakula, ndipo mikango imene anali kuitsatira inacoka pa 116 mu 2012 kufika pa 209 mu 2015.

Nkhani ya ulenje si yophweka, ndipo ife a mu tauni tisamakambe ngati ndife tokha okonda nyama. Mbali ya ndalamazo imayenera kupita ku ma Community Resources Board, kulipira masikauti ndi kuthandiza midzi imene alendo ojambula safikako. Amene amatuma mwana ku sukulu m'njira imene usiku munadutsa nkhalamu, monga amaichulira kucigwa, ali ndi mawu oposa athu. Koma ngati kusaka kukhalepo, kukhale kwa yaimuna yokalamba imene nchito yake pa gulu yatha, pakhale zaka zopumitsa, ndipo ciwerengero ca yophedwa ndi ndalama zimene zafikadi m'midzi zizilengezedwa poyera.

Mbali imene ikutikhudza ife mwacindunji ndi waya. Misampha imene imacheredwa nswala, puku ndi njati siisankha. Imagwira mkango pakhosi, m'ciuno kapena pa mwendo, ndipo ukamakoka waya umalowerabe. A Conservation South Luangwa, pamodzi ndi a DNPW ndi a Zambian Carnivore Programme, amagoneka mikango yotere ndi mankhwala n'kudula waya, ndipo ku Luangwa kwakhala mikango yoyenda ndi miyendo itatu. Yaikazi yotere imatha kukhalabe ndi moyo cifukwa abale ake amagwira nyama, iyo n'kudyako. Imene ilibe gulu imafa. Ndipo nyama youma ija imabwera m'masaka pa basi, imene ena amaigula mobisa mu Lusaka n'kumanyadira kuti ndi ya kuthengo, ndiyo imalipira wochera wayayo. Munthu mmodzimodziyo angathe kukhala ndi mkango pa status m'mawa ndi njati ya pa msampha m'mbale madzulo.

Cotsala n'cakuti tikaione tokha. Ambiri timaganiza kuti paki ndi ya azungu, ndipo mitengo ya maloji ena imatsimikizadi maganizo amenewo. Koma nzika ya Zambia imalipira ndalama yocepa kwambiri pa geti poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo imalipira m'makwaca. Kucokera pa Intercity kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kucoka apo kupita ku Mfuwe ndi msewu wa tara wa maola awiri kapena atatu. Kunja kwa geti kuli makampu amene amalola kukhoma tenti yanu ndi kuphika nokha, ndipo maloji ambiri amakhala ndi mitengo ya nzika, makamaka nyengo ya mvula. Cokwera mtengo ndi motoka yolowera m'paki ndi gaidi wake, n'cifukwa cake ulendowu umayenda bwino mukakhala 6 kapena 8 n'kusonkherana, olo kucita cilimba ca miyezi ingapo. Mikango imaoneka bwino kuyambira August mpaka October, udzu utauma, ngakhale October amafuna munthu wopirira kutentha. Mukaipeza, pemphani gaidi azimitse injini ndipo musafulumire kucoka. Mufunseni kuti mayi ndi uti, mwana wake ndi uti, amunawo anabwera liti ndipo anacokera kuti. Magaidi ambiri a ku Mfuwe anakulira komweko, analemba mayeso ovuta kuti apatsidwe laisensi, ndipo mabanja amenewa amawadziwa mpaka agogo awo.